Nyimbo ya Chimphona cha Mkuwa

“Menyani, achemwali! Menyani tsopano!” anakuwa Mzime akudumphadumpha pamkeka.

Koma mlongo wake Katulo sanamenye. Anadina batani lina, msilikali wake wa pa TV n’kugubuduzika, kuzinda lupanga la Chimphona cha Mkuwa. Mzere wofiira wosonyeza moyo wa chimphonacho unali utatsala kadontho chabe. Kungochikhudza kamodzi, gemu yonse ikanathera pomwepo. Katulo anangothawitsira msilikaliyo kuseri kwa mwala, akumwetulira yekha.

Dzina loti Katulo anamupatsa ndi amayi ake, chifukwa mtsikanayu ankalota ali maso. Mukamutuma sopo kugolosale, ankabwerako ndi nkhani ya mitambo, sopoyo ataiwala.

Makina a gemuwo anali a amalume awo, amene ankagona m’chipinda chakuseri kwa nyumba. Amalumewo anali atapeza ntchito yokonza magetsi kutali, ndipo tsikulo ndi limene ankasamuka. Bedi anali atamasula kale, makatoni ali mbwee pakhomo. Zotsala zinali TV ndi makinawo basi, kudikira lole.

Mzime, mwana womaliza m’banjamo, sankatha kusewera. Tizala take sitinkafika pamabatani onse. Ntchito yake inali kukhala pambali pa achemwali ake n’kumachemerera. M’gemumo, chimphona chinali chitameza dzuwa, dziko lonse lili mumdima, ndipo iye ankangofuna chinthu chimodzi: kuona dzuwalo likutuluka.

Katulo zake zinali zina. Iye anagwa m’chikondi ndi nyimbo ya nkhondo yomalizayo. Inkayamba ndi ng’oma yakuya, yogunda pang’onopang’ono ngati mtima wa munthu amene wabisala. Kenako zingwe za mavayolini zinkathamanga, kukwera, kutsika, kukweranso, mpaka lipenga limodzi n’kulira pamwamba pa zonsezo. Likalira lipengalo, Katulo sankakhalanso m’chipindamo. Ankadziona akuuluka pamwamba pa madenga a malata onyowa ndi mvula, mphepo ikumukoka diresi, magetsi a m’misewu akuyaka m’munsi mwake. Kusukulu ankaiimbira m’mphuno, potsuka mbale ankaigogoda ndi sipuni. Sankadziwa amene anaipeka, koma ankamuganizira kawirikawiri: kaya ndi nkhalamba, kaya ndi mtsikana wolota ngati iye, atakhala pawindo kudziko lakutali. Akanakumana naye, akanangomugwira dzanja osanena kanthu.

Nyimboyo ikafika kumapeto, inkabwereranso poyambira, bola nkhondo ikupitirira. Katulo ankadziwa kuti chimphona chikangogwa, nyimbonso izima. Choncho tsiku lililonse ankamenya mpaka pafupi kupambana, kenako n’kumangozinda, n’kumamvetsera, mpaka chimphona chimuphe. Mawa lake ankayambiranso.

Amalume analowa atanyamula chingwe chomangira katundu. Anaima kumbuyo kwa anawo n’kuyang’ana kwa kanthawi.

“Iwe Katulo, ukumenya nkhondo kapena ukuvina nacho chimphonachi?”

“Ndi chovuta, amalume,” anayankha osatembenuka.

“Chovuta? Chakutsegulira chifuwa kangati ine ndili chiimire pano? Ngakhale agogo ako akanachigwetsa ndi ndodo yawo.”

Mzime analeka kudumpha. Anayang’ana amalume, n’kuyang’ana mlongo wake.

“Achemwali, ndiye kuti masiku onse aja mumafa dala?”

Lipenga lija linali likulira, koma ulendo uno silinamunyamule Katulo.

“Ndimangofuna ndimvereko nyimboyi,” anatero motsitsa mawu. “Ndikachipha, itha.”

“Nanga ine? Ine ndimakupemphererani kuti mupambane!” anatero Mzime. “Ndinauza anzanga kuti achemwali anga atulutsa dzuwa. Lero gemu ikupita, ndiye sindidzaliona mpaka kalekale.”

Sanalire mokuwa monga mwa masiku onse. Anangotembenukira kukhoma, misozi ikutsikira m’kolala. Katulo anachita manyazi mpaka makutu anatentha. Anali asanaganizepo kuti pamene iye ankauluka pamwamba pa madenga, mwanayu ankatsala yekha mumdima uja, akudikira.

Kunja kunamveka hutala ya lole.

“Basi, ndikuzula,” anatero amalume akuweramira kusoketi.

“Dikirani pang’ono, amalume, chonde. Mzime, tembenuka. Taona kuno.”

Katulo anapumira m’mwamba. Anaisiya ng’oma ija igunde komaliza, n’kutulutsa msilikali wake kuseri kwa mwala. Chimphona chinakweza lupanga, chifuwa chili poyera. Anadina.

Nyimbo inaduka. M’chipindamo munangoti zii, ndipo mtima wa Katulo unawawa monga ankayembekezera. Chimphona chinagwada, mkuwa wake n’kung’ambika pakati.

Kenako, mwakachetechete, lipenga lija linabwerera. Silinkaliranso mwankhondo. Linkaimba nyimbo yomweyo koma modekha, mavayolini akulitsatira pambuyo, ndipo pamene kale inkakhotera kubwerera poyambira, tsopano inapitirira. Inakwera kumalo kumene Katulo anali asanafikeko, mawu a anthu ambiri n’kuilandira ngati akuimbira kutsidya kwa phiri. Kuwala kwachikasu kunadzaza TV, kunasefukira pamakatoni, pakhoma, pankhope yonyowa ya Mzime.

“Latuluka! Amalume, dzuwa latuluka!” anakuwa Mzime.

Katulo anali ataimva nyimboyi kosawerengeka, akudzitama mumtima kuti palibe amene amaidziwa kuposa iye. Chonsecho ankangozungulira pakhomo pake, osalowa m’nyumba.

Hutala inaliranso, ulendo uno mokwiya. Amalume anasuzumira pawindo.

“Adalaivala, tapirirani pang’ono, kuno kuli mwambo!”

Anadikira mpaka liwu lomaliza litazilala, kenako anazula chingwe. TV inada.

“Amalume,” anatero Katulo akupukuta m’maso, “mbali yomalizayi, singabwerezedwe? Kamodzi kokha?”

Amalume anapukusa mutu akukulunga mawaya.

“Ukanapambana kale, bwenzi ukuimva tsiku lililonse, mwana wa mlongo wanga. Lero nthawi yatha.”

Ananyamula TV ndi makinawo n’kutuluka. Mzime anathamangira panja kukauza anzake. Katulo anatsala yekha m’chipinda chopanda kanthu, atatsinzina, akuyesa kuimba mbali yatsopano ija isanamuthawe. Anangokwanitsa theka.