Mipando Isanu ndi Iwiri, Wanga Palibe

Mvula inali itangoyamba kuwaza pamene Kasingano anafika pa siteji ya basi. Ankachokera kuchipatala akukankha njinga ya amayi ake, amene miyendo inasiya kuwamvera, kwinaku mwana wake wamkazi atamugwira siketi. Dzina la Kasingano anamupatsa ndi makasitomala a kushopu yake yosoka: wamfupi, woonda, koma akalankhula amabaya.

Tsikuli analibe womubaya. Minibasi iliyonse inkaima, kondakitala n'kuyang'ana njingayo, basi n'kumenya chitseko.

"Yadzaza, mayi!"

Yadzaza chiyani, mipando ikuoneka yopanda anthu?

"Achemwali, landirani ambulera iyi, muwafunde amayi."

Anali mnyamata wamtali, chikwama cha zipangizo chili paphewa, mawaya akusuzumira kunja. Minibasi yotsatira anaiimira kutsogolo, nakangana ndi kondakitala mpaka anagonja. Njinga anaipinda yekha, amayi aja anawanyamula ngati mwana. Potsika anali atadziwika kale kuti ndi Wamagetsi, ndipo nambala ya Kasingano inali m'foni mwake.

Asanafike n'komwe pakhomo, foni inalira.

"Lero ndaona nyali yoyaka popanda waya. Mwafika bwino?"

Kasingano anaseka yekha ngati wopenga. Sabata isanathe, "inu" uja anali atasanduka "iwe", ndipo "achemwali" anali atasanduka "uchi wanga". Mnyamatayo lilime anali nalo, tisanamizane. Ankabwera kushopu masana, n'kukhala pa mulu wa nsalu, n'kumalonjeza.

"Uchi wanga, sindidzalolanso kuti amayi anyowe pa siteji. Ndidzagula galimoto yoti pasadzatsale munthu. Iwe kutsogolo pambali panga, dzanja lako pabondo langa."

"Nanga msewu uzidzauona ndi chiyani, ngati maso ali pa ine?"

"Ndi mtima!"

Mtsikana wake uti amene sangasungunuke? Kwawo kwa mnyamatayo anali asanapondeko. Akafunsa, ankamuuza kuti amakhala m'kachipinda ka kuntchito ndi anzake atatu, kosayenera mfumukazi. Kasingano, wobaya anthu uja, apa anangokhulupirira.

Ndiye anayamba ulendo wa Loweruka lililonse, kuzungulira m'malo ogulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Ndalama zinali zochepa, maloto ndiye anali mulu.

Yoyamba inali kagalimoto koyera, ka mipando isanu. Injini inkalira mwaulemu, matayala anali ndi mano, ndipo wogulitsa analumbira kuti mafuta kamangonunkhiza. Mtengo wakenso unali wofikirika. Kasingano anakakonda pomwepo.

"Aka basi, wokondedwa. Ine, iwe, amayi ndi mwana. Mpando umodzi ukutsalanso."

Wamagetsi anapukusa mutu. "Ayi. Isanu ndi iwiri, osachepera apo."

"Enawo akhalapo ndani?"

"Ana athu, nanga! Ukufuna ndidzawasiye pa siteji?"

Mnyamatayo anamutsina tsaya, mkwiyo n'kuthawa. Koma Loweruka linalo mkwiyo unabwerera ndi abale ake. Anapeza ya mipando isanu ndi iwiri, koma atakweza kapeti anaona dothi la pansi kudzera pa bowo la dzimbiri. Ina inkatulutsa utsi ngati akuotcha zinyalala. Ina inali yokongola zedi, koma mtengo wake utatchulidwa onse awiri anangoyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Dzuwa linkawaotcha, mapazi ankatupa, shopu inali yotseka, makasitomala akuimba foni kufunsa madiresi awo.

Chimene chinkamutopetsa kwambiri Kasingano chinali china. Galimoto iliyonse, Wamagetsi ankapinda mpando wapakati n'kumukodola.

"Lowa kumbuyo kwenikweniko, uchi wanga. Ndione ngati munthu wamkulu angakwaneko."

Iye ankalowa chokwawa, mawondo n'kufika pachibwano, thukuta lili kamukamu.

"Mutu ukugunda?"

"Ukugunda."

"Ndiye iyi ayi. Tuluka."

Tsiku lina zinamukwana. "Kodi ine ndine thumba loyesera? Bwanji wakutsogolo sunandikhazikepo ngakhale kamodzi?"

"Wakutsogolo ndi wako kale, mfumukazi. Chako umayesanso?"

Mawu okoma amenewa! Kasingano anawameza osatafuna.

Panalinso nkhani ya tepi. Wamagetsi anabwereka tepi yake yoyezera nsalu, nabayapo kaphini pamalo ena ake, n'kumuuza kuti asadzakachotse. Akafika pa galimoto, ankatsegula buti mipando yonse ili chiimire, n'kutambasula tepiyo mpaka pa kaphini. Ikapanda kukwana, ankatseka buti osafunsanso za injini. Mtima wa Kasingano unkasungunuka. Mwamuna woganizira njinga ya apongozi ake asanakwatire n'komwe, amapezeka kuti masiku ano?

Koma madzulo ena, akupukuta njinga ya amayi ake, anangoti aiyeze. Anaipinda, nayala tepi. Njingayo inapitirira kaphini ndi chikhatho chathunthu. Anayezanso mbali ina, koma zinali chimodzimodzi. Anatenga foni.

"Wokondedwa, muyezo uja walakwika. Njinga ya amayi siingalowe."

Yankho linachedwa, kenako linafika.

"Usadandaule, duwa langa. Tizidzapinda mpando umodzi. Ukudziwa kuti ndimakukonda kuposa mpweya?"

Amayi ake, amene ankaonerera zonsezi ali phee, anatsokomola.

"Mwanawe, munthuyu njinga yangayi anaiyeza liti? Ine ndimakhalapo tsiku lonse, sindinamuonepo ndi tepi."

"Amayi, inunso! Munthu akutichitira zabwino."

"Ine ndangofunsa."

Pomaliza anaipeza, pamalo a bambo wina wa chipewa chofiira. Inali yobiriwira, ya chitseko chotsetsereka, yokalamba koma yosamalidwa. Pansi panalibe dzimbiri. Kasingano atalowa kumbuyo kuja mutu sunagunde. Tepi inakwana m'buti ndendende mpaka pa kaphini. Wamagetsi anavina pomwepo, anthu akuona.

Kenako anakhala pansi pa mthunzi, nkhope itagwa.

"Zanga zaperewera, uchi wanga. Bamboyu akuti pali wina akuifuna. Itiphonya."

Kasingano anali ndi makina awiri: akale opalasa ndi phazi, ndi a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu, amene anawagula atavutika zaka. Amenewo ndiwo ankamubweretsera maoda a mayunifolomu. Anaganiza za amayi ake akunyowa pa siteji, za makondakitala omenya zitseko. Mawa lake ovaloko inatuluka m'shopu pamutu pa munthu wina, ndipo ndalama zake zinalowa m'thumba la Wamagetsi.

"Sindidzaiwala," anatero mnyamatayo, maso ali ndi misozi. "Galimotoyi ndi chiyambi cha banja lathu. Makaniko aione kaye, tidzaitenge Lolemba tonse awiri."

Kasingano sanafune kudikira chimanjamanja. Mipando ija anali ataiyeza kale mwakachetechete. Anagula nsalu yolimba yabuluu, nakhala pa makina opalasa mpaka miyendo kuwawa, kusoka makavala a mipando yonse isanu ndi iwiri. M'mphepete anapinda ndi manja, poti ovaloko panalibe. Pa kavala ya mpando wakutsogolo anapetapo kamtima kofiira. Anati akawaveke Loweruka mwakabisira, kuti Lolemba mwamuna wake akangoti kukamwa yasa.

Atauza a kunyumba, mwana wake analumphalumpha, ndipo amayi ake anapempha kuti awachapire diresi lawo labwino.

Loweruka m'mawa anafika kwa bambo wa chipewa chofiira, chimtolo chili pamutu. Galimoto yobiriwira ija inali pageti, injini ikulira, zitseko zili pululu. Wamagetsi anali atawerama kumbuyo, akulowetsa m'buti chikuku cha ana chachikulu, cha malo awiri. Chinalowa bwinobwino, osatsala mpata ngakhale wa chala.

Kasingano anaima. Maso ake anayamba kuwerenga okha. Pa mzere wapakati panali timakanda tiwiri tofanana ngati madontho a madzi, ndi kamtsikana kokulirapo pambali. Kumbuyo kwenikweni kuja, kumene iye ankapinda mawondo Loweruka lililonse, kunali mwana wina ndi agogo aafupi, oonda, a msinkhu wake ndendende. Ndipo kutsogolo, pa mpando wake uja, panali mayi wonenepa bwino, mphete ikunyezimira pachala, akukonza tsitsi pa galasi.

"Adadi, tiyeni!" anakuwa kamtsikana kaja.

Wamagetsi atadzuka n'kumuona, nkhope yake inatuwa.

Mayi wa kutsogolo uja ndiye anatulutsa mutu pawindo, akumwetulira ndi mtima wonse.

"Bambo a mapasa, kodi awa ndi atelala aja? Fikani, achemwali! Anandiuza za inu, kuti munawabwereka tepi, mumawathandiza kuyesa malo a amayi anga kumbuyoko. Mulungu akudalitseni. Taonani mmene akhalira bwino, mutu sukugunda!"

Agogo aja anagwedeza dzanja mothokoza.

Apa Kasingano zonse zinamuonekera poyera. Miyezi yonse ija, thukuta lonse lija, iye anali chidole choyezera apongozi a mwini! Kaphini kaja kanali ka chikuku cha mapasa. Nanga "ana athu" aja? Si awa ali apawa, obadwa kale, ovala nsapato?

"Mwanyamula chiyani?" anafunsa mayiyo. "Makavala? Abambo inu, mpaka munaitanitsa makavala osandiuza!"

"Eee... ndimafuna... ndikudzidzimutse," anatero Wamagetsi mwachibwibwi. Anayandikira Kasingano n'kunong'ona, "Uchi wanga, chonde, osati pano. Ndikufotokozera."

Apa ndiye singano inadzuka.

"Uchi wako ndani?" Mawu ake anamveka mpaka kwa bambo wa chipewa chofiira, amene anayamba kupukuta galasi loyera kale. "Mayi, pepani, inu simunandilakwire. Koma afunseni amuna anuwa kuti ndalama zomalizira galimotoyi anazitenga kuti. Afunseni makina anga ali kuti. Afunsenso kuti mpando mwakhalapowo analonjeza ndani."

Kumwetulira kwa mayi uja kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana Kasingano, kenako anamasula lamba.

"Bambo a mapasa, zimitsani galimoto."

"Mayi a ana, mtsikanayu ndi..."

"Ndati zimitsani!"

Khanda limodzi linayamba kulira, linzake n'kulandira. Kasingano anaika bwino mtolo wake pamutu.

"Makina anga ndiwafuna," anauza Wamagetsi. "Ukadzabwera kushopu, udzabwere nawo pamutu. Mawu okoma udzawasiye kwanu."

Anatembenuka msana uli chilili. Misozi inadikira mpaka pa siteji, ndipo itayamba inalibe mabuleki. Minibasi yoyamba inaima, kondakitala n'kuyang'ana chimtolo chija.

"Yadzaza, mayi!"

Anafika kunyumba wapansi. Pakhonde anapeza amayi ake atavala kale diresi labwino lija, akuti akuliyesa ngati likadawakwana, mwana ataima pambali akuyang'ana kumsewu.

"Amama, galimoto yathu mwaiona? Ine ndidzakhala pati?"

Kasingano anagwada, nakumbatira mwanayo. Amayi a Kasingano anamuyang'ana m'maso ofiirawo. Anangomusisita pamutu.

Foni inanjenjemera m'thumba.

"Duwa langa, iwe ndiwe wa pamtima. Mkazi uja ndimangokhala naye chifukwa cha ana. Tikonza, malo ako alipo."

Malo ake ati? Iye anali atawerenga yekha ndi maso ake, ndipo mipando yonse inali ndi eni ake. Anazimitsa foniyo, natenga tepi, n'kuzula kaphini kaja n'kukataya kunja.

Kenako anamasula mtolo, nasankha kavala ya kamtima kofiira. Anatenga sizasi, naidula mofanana ndi mpando wa njinga ya amayi ake, n'kukhala pa makina opalasa aja.

"Ukusoka chiyani, mwanawe?"

"Mpando wakutsogolo, amayi," anayankha, misozi ikudontha pansalu. "Lolemba tili ndi ulendo wa kuchipatala. Ndikukankhani ndine."