Mtengo wa Teodora Sunafe

Teodora ankakhala ku Namacula, mu mzinda wa Lichinga. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona duwa pa mtengo wake wa pichesi.

Mtengowo unali kuseri kwa nyumba. Anaudzala ndi bambo ake. Bambowo anaudzala asanapite ku usilikali. Pochoka anamuuza kuti aziusamala. Teodora ankausamaladi.

Inali nyengo yozizira. Ku Lichinga kukazizira, kumazizira zenizeni. Zala zimauma gwa. Madzi amaluma mano. Masamba onse a pichesi anayoyoka. Panatsala nthambi zokhazokha.

Inalinso nthawi ya nkhondo. Anthu ambiri ankathawira mu mzinda. Tsiku lina kunafika amalume ake a Teodora. Dzina lawo linali a Cipriano. Anali asodzi a kunyanja. Anafika wapansi, mwana wawo Julieta ali kumsana. Julieta anali wamng'ono, ndipo ankatsokomola.

Teodora ankawakonda amalume akewo. Ankawaitana kuti Atitiyo. Anawapatsa mphasa yake. Anafunda bulangeti limodzi ndi Julieta. Sananyinyirike ngakhale pang'ono.

Koma nkhuni zinasowa. Kutchire kunali koopsa. Palibe amene ankapitako. Amayi ankaphikira zitsononkho za chimanga. Mulu wa zitsononkho unali pakhonde. Muluwo unkachepa tsiku ndi tsiku.

Akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendo uyu ayi. Mlendo uyu anakabwereka nkhwangwa. Anaibwereka kwa a Pascoal, oyandikana nawo nyumba.

A Cipriano anauzungulira mtengo uja. Anayang'ana tsinde lake. Analigogoda ndi chala. Kenaka anati mtengowo ndi wakufa. Anati ndi nkhuni zongoima.

Teodora anapsa mtima. Anaima patsogolo pa mtengo.

"Sunafe, Atitiyo," anatero. "Wangogona."

A Cipriano anaseka. Anati kwawo kunyanja mango sagona. Mandimu sagona. Mtengo wa zipatso ukavula masamba onse, basi watha.

Amayi anayankhula mofatsa. Anati pichesi amatero chaka chilichonse. Koma a Cipriano analoza kuseri kwa mpanda. Pichesi wa a Pascoal anali kale ndi maluwa. Wa Teodora analibe ndi limodzi lomwe.

Amayi anayang'ana kuseri kwa mpanda. Anayang'ana mtengo. Anayang'ana Julieta akutsokomola.

"Achimwene, tiyeni tidikire," anatero amayi. "Zitsononkho zikatha, duwa palibe, mudule."

Teodora sanakhulupirire makutu ake. Ngakhale amayi ake enieni! Anapsa mtima ndi amalume. Anapsa mtima ndi amayi. Anapsa mtima ndi a Pascoal. Munthu wanji wobwereketsa nkhwangwa osafunsa kuti ndi ya chiyani?

M'mawa mwake anadzuka molawirira. Kunali chifunga. Anapita kuseri kwa nyumba. Anayang'ana nthambi iyi. Anayang'ana nthambi iyo. Duwa palibe.

Anapita pakhonde. Mulu wa zitsononkho unali utachepa.

Teodora anatenga thumba. Anapita kumene kunali mitengo ya paini, kumapeto kwa bairo lawo, dera la Namacula. Anatola zipatso zouma za paini. Zipatsozo zimayaka bwino. Anatolanso timitengo. Anadzaza thumba. Analikoka mpaka kunyumba. Anakhuthulira zonse pa mulu uja.

A Cipriano anapukusa mutu. Anati moto wa tinthu totere ndi moto wamasewera. Komabe madzulo anaotha moto womwewo. Anautambasulira manja onse awiri. Teodora anawaona. Mumtima mwake munali mukuwira.

M'mawa wina anapitanso ku mtengo. Anayang'ana nthambi iyi. Anayang'ana nthambi iyo. Duwa palibe.

Tsopano anapsa mtima ndi mtengo womwe.

"Iwe pichesi, ulesi wanji umenewu?" anaufunsa. "Anzako adzuka kale. Ukufuna akusandutse phulusa?"

Mtengo sunayankhe. Mitengo ndi yotero. Umaivutikira, iyo ili phee.

Amayi anamumva. Anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Teodora anati iye sakufuna maso a nkhono. Akufuna duwa. Amayi anabisa kumwetulira ndi nsalu.

Masiku anapita. Teodora ankabwera ku sukulu n'kutenga thumba. Koma ana otola anachuluka. Pansi pa mitengo ya paini panayera. Thumba linasiya kudzaza. Mulu wa pakhonde unachepa. Unachepanso. Unatsala wokwana m'lichero.

A Cipriano anayamba kunola nkhwangwa. Ankainola pa mwala. Phokoso lake linkamuwawa Teodora m'mano.

Tsiku limenelo madzulo, Teodora anapitanso ku mtengo. Anayang'ana nthambi iyi. Anayang'ana nthambi iyo. Kenaka anaima. Pa nthambi ya m'munsi panali kanthu. Kanali kamphukira. Kanali kotupa ngati nyemba. Kunsonga kwake kunali kofiirira.

Teodora anafuna kukuwa. Koma anadzigwira. Ankawadziwa amalume ake. Akanati kameneko ndi kachilombo. Akanati kanjerewere. Teodora anaganiza zodikira mpaka mawa. Mawa kadzatseguka. Mawa adzaona okha.

Amayi anaphika nyemba ndi mbatatesi. Anaponya pamoto zitsononkho zomaliza. Teodora anadya bwino. Sanauze munthu aliyense.

Kutacha, anathamangira kuseri kwa nyumba. Anafika pa nthambi ija. Anayang'ana. Anatikita maso. Anayang'ananso.

Duwa palibe. Kamphukira palibe. Panali kabala kakang'ono basi. Wina anali atathyola.

Teodora anapsa mtima kuposa masiku onse. Misozi inatuluka yokha. Inali misozi ya ukali. Ndani wachita zimenezi? Mbuzi? Mbalame? Munthu wopanda chisoni?

Anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali a Cipriano. Nkhwangwa inali paphewa. Amayi ankabwera pambuyo pawo, manja ali kumsana.

"Teodora, patuka," anatero a Cipriano. "Tinapangana."

Teodora sanapatuke. Anakumbatira tsinde. Anawauza kuti dzulo panali kamphukira. Anawauza kuti wina waba. Anawaonetsa kabala kaja.

A Cipriano anawerama. Anayang'ana kabalako. Anati sakuona duwa. Sanakalipe ayi. Anati nawonso zikuwamvetsa chisoni. Koma m'nyumba mulibe moto. Ndipo Julieta akutsokomola.

"Ndiye mudule ndi ine ndemwe," anatero Teodora.

Amayi anamuitana dzina. Teodora anagwiritsa tsinde. Khungwa linali lozizira. Linkamukanda patsaya. Iye sanalisiye.

Pomwepo Julieta anatulukira pakona ya nyumba. Anali atadzikulunga bulangeti. Bulangetilo linkakwekwereka pansi. Dzanja lake limodzi linali lofumbata. Anapita kwa bambo ake. Anawakoka buluku.

"Ababa, kwayani," anatero.

Anafumbatula dzanja. M'dzanjamo munali duwa. Linali laling'ono. Linali lofiirira. Linali litafinyika mbali imodzi.

Teodora anasiya tsinde. Anatsegula pakamwa. Wakuba uja ndi ameneyu! Munthu wofunda naye bulangeti limodzi!

A Cipriano anatsitsa nkhwangwa. Anamufunsa Julieta ngati wathyola kwa a Pascoal. Julieta anapukusa mutu. Anayenda mpaka pa mtengo. Anaimirira ndi zala za kumapazi. Anagwira nthambi ya m'munsi ija. Anaika chala pa kabala kaja.

"Apa," anatero. "Ndathyolera inu. Masiku ano mumakhala osaseka."

A Cipriano anayandikira mtengo. Anatenga duwa lija. Analiika pa kabala. Linakwana bwinobwino. Analiyang'ana nthawi yaitali.

Kenaka anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anakweza maso. Munthu wa nkhwangwa amangoyang'ana tsinde. Masiku onsewa sanayang'ane m'mwamba.

Chifunga chinali chikuchoka. Dzuwa linali litagunda nsonga za mtengo.

"Bwera kuno, iwe waukali," anatero a Cipriano.

Anamunyamula Teodora. Anamukhazika pamapewa. Teodora anali asanafikepo pamwamba chotere. Anagwira mutu wa amalume ake. Anayang'ana nthambi iyi. Panali duwa. Anayang'ana nthambi iyo. Panali duwa. Anayang'ana ina. Panali mphukira zambirimbiri, zotupa, zofuna kutseguka.

"Ukuona chiyani?" anafunsa amayi.

"Wadzuka, Amama," anatero Teodora. "Wadzuka!"

Amayi anaseka. Anapukuta maso ndi nsalu. Julieta analumpha, bulangeti n'kugwa.

A Cipriano anamutsitsa Teodora. Anavomera kuti analakwa. Anati nsomba amazidziwa zonse, koma mitengo ya kuno yawapusitsa. Anati nkhwangwa ibwerera kwa mwini wake lero lomwe.

Teodora anafunsa za moto. Ukali unalipobe, koma chifuwa cha Julieta ankachimva usiku uliwonse.

A Cipriano anati ana amatola za pansi zokha. Zipatso zambiri za paini zatsalira m'mwamba. Munthu wamtali atha kuzigwetsa ndi nsungwi. Anamupempha Teodora kuti awatsogolere.

Anapita onse atatu. A Cipriano ankagwetsa. Teodora ndi Julieta ankatola. Thumba linadzaza. Linadzazanso kachiwiri.

Madzulo moto unayaka waukulu. Onse anakhala mouzungulira. Julieta anatsamira Teodora. Teodora anamuyang'ana ndi diso la kumbali.

"Iwe Julieta, mvera," anatero. "Duwa lililonse ndi pichesi. Lero wathyola pichesi wa ababa anga."

Julieta anagwetsa nkhope. Anapepesa ndi mawu aang'ono.

Teodora anakoka bulangeti. Anamufunditsa Julieta mpaka m'khosi.

"Mawa tidzuke tonse," anatero. "Ndikakuphunzitsa kuona ndi maso, manja ali kumbuyo."