Maluwa a Pepala pa Khomo la Teun

Anakumana pa pantoni yowolotsa anthu ndi njinga pa mtsinje wa IJssel. Wietske, namwino wa ku Zwolle, anali pa tchuthi, akupalasa yekhayekha kulowera kummwera, tenti ndi zovala atazimangirira pa kaliyala. Chibwenzi chake chitatha chaka chapitacho, analumbira kuti za amuna basi, zakwana. Koma malumbiro a mtima mumawadziwa inu.

Mnyamata amene anaima pambali pake ankadya buledi ndi tchizi. Anayang'ana tayala la Wietske n'kupukusa mutu.

"Tayala limeneli silikufikitsa ku Deventer, mtsikana iwe."

"Ndakufunsa?"

"Ayi. Koma wapampu pano ndi ine."

Dzina lake linali Teun. Anati wachoka kwawo kuti mphepo imuchotse maganizo m'mutu. Wietske sanafunse kuti maganizo ake otani. Nanga munthu wangokupopera tayala, ungayambe kumufukula?

Kuyambira pamenepo njira yawo inakhala imodzi. Mphepo ikalimba m'madambo a ng'ombe, Teun ankapita kutsogolo kuti amutchinge. Pokwera mlatho ankaika dzanja pamsana pake n'kumamukankha pang'onopang'ono, uku akumutcha kambalame. Wietske ankamukalipira kuti miyendo ali nayo yake, koma dzanjalo sanalichotsepo.

Madzulo ena, atakhala m'mbali mwa ngalande, Teun anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Kambalame kanga, unali kuti masiku onsewa? Bwanji sunabwere msanga?"

Wietske anaseka, poti anamva ngati ndi mawu achikondi chabe. Anamukonda, ndipo mantha anamugwira, chifukwa anadziwa kuti akagwanso ulendo uno kudzuka kudzavuta.

Atafika ku Zutphen, Teun anati akayambe waonekera kwawo, kumudzi wina kuseri kwa Lochem, poti bambo ake zawachulukira ndi ng'ombe. Anasiyana pamphambano. Asanapite patali, foni ya Wietske inalira.

"Ndikubwera ku Zwolle kudzakutenga. Ndikulonjeza. Pali kanthu kamodzi kokha koti ndikonze. Undidikire, mtima wanga."

Kudikira? Anayesetsa ndithu. Koma njira inatalika, chakudya chinasowa kukoma. Lachinayi m'mawa anatembenuza njinga, akumwetulira yekha poganizira mmene Teun akadzidzimukire.

Famu ya kwawo kwa Teun sinavute kupeza. Pakhomo panali chinamtindi cha anansi. Abambo ankaimika chipata cha nthambi za paini, amayi atazungulira tebulo akupota maluwa a pepala. Wietske anaudziwa mwambowo: anansi amatero pakhomo pakayandikira ukwati. Komabe anadzilimbitsa mtima kuti mwina Teun ali ndi mkulu wake.

Mayi wina wojintcha, amene anzake ankamutchula kuti Gerritje, anamukodola ndi dzanja.

"Wapanjinga iwe, usaime ngati mtengo. Khofi uyu, buledi wa mphesa uyu. Manja uli nawo? Tithandize kupota, nthawi yatithera."

Wietske anakhala pansi. Anamupatsa pepala loyera ndi kawaya. Wietske anafunsa kuti ukwatiwo ndi wa ndani.

Mayi Gerritje anafotokoza mosangalala kuti ndi wa Teun, mwana mmodzi yekhayo wa pakhomopo, ndi Marloes wa kutsidya kwa msewu, Loweruka lomweli. Anawonjezera kuti mkwatiyo anathawa ndi njinga sabata yatha, amvekere akufuna mphepo, ndipo amayi onse anaseka. Amuna amatero, mantha akawagwira. Chachikulu n'choti wabwerera.

Zala za Wietske zinapitiriza kupota zokha. Ankaganiza za dzanja lija pamsana pake. Kodi linali bodza lonse? Kapena munthu angathe kukonda zenizeni masiku ochepa, kenako n'kubwerera kwawo kukatsuka nsapato za ukwati? Chomwe chinamupweteka kwambiri n'chakuti mpaka pamenepo ankamufunirabe chowiringula. Mwina kanthu koti akonze kaja n'komweka. Mwina akusowa poyambira.

Kenako Teun anatulukira m'khola atanyamula makwerero. Atamuona anaima chilili, nkhope itayera.

Mayi Gerritje anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. "Kodi mukudziwana?"

Wietske anamusiyira Teun mpata wonse woti ayankhe, pamaso pa anansi ake onse. Mawu amodzi okha akanakwanira, ngakhale dzina lake chabe.

Teun anatsitsa maso.

"Ayi, mayi. Ndimayesa ndi munthu wina."

Anatsamiritsa makwerero pachipata n'kuyamba kukwera.

Wietske anamaliza duwa lake bwinobwino, n'kupinda kawaya kuti kasabaye munthu. Anathokoza chifukwa cha khofi. Mayi Gerritje analitembenuza duwalo m'manja, n'kunena kuti lakongola kuposa onse, liyenera kukhala pamwamba penipeni.

"Teun, landira ili, ulimange pakati."

Teun anatambasula dzanja n'kulilandira. Wietske anakankha njinga yake mpaka kumsewu, osatembenuka. Sanaikwere, anangopitiriza kuikankha, akulira.