Mzukwa Umene Unkaweta Abakha Anga

Amene anandilakwira ndi Darkum, mnansi wanga kuseri kwa njanji m'tauni ya Tegal, chaka chimene dzino langa lomaliza lakutsogolo linaguluka. Mpaka lero sindinamukhululukire.

Ndinali ndi abakha m'kakhola kansungwi, ndipo mkazi wanga Sutinah ankasunga mazira awo mumchere n'kukagulitsa pasiteshoni. Abakha akuno sawetedwa ndi chikwapu. Umamanga kansalu koyera kunsonga kwa nsungwi, iwo n'kumakalondola pamzere mpaka kuminda ya mpunga.

M'mawa wina ndinapeza m'khola mulibe dzira ngakhale limodzi, koma mapazi a abakha ali ndi matope aawisi. Mawa lake chimodzimodzi. Kenako woyendetsa njinga yonyamula anthu analumbira kuti anaona mzukwa wokulungidwa m'nsalu ya maliro ukudutsa m'mbali mwa njanji, abakha ali ndondondo pambuyo pake, osalira.

Usiku wotsatira ndinabisala pakhonde. Mdima unali bii, achule atangoti zii nthawi imodzi. Chitseko cha khola chinalira pang'onopang'ono, ndipo chinthu choyera, chachitali, chinayamba kuyenda, kumbuyo kwake kukumveka timapazi, phatapata, phatapata.

"Atate ake, tulukani mukachigwire," Sutinah ananong'ona pawindo.

"Ukachigwire ndiwe. Mazirawo amagulitsa ndani?"

Poopa mzukwawo, anansi anagwirizana kuti Lachisanu, mapemphero akatha, abakha achoke m'tauni. Darkum anabwera kwa ine akupukusa mutu.

"A Wiryo, achimwene, abakhawa akuitana akufa. Ndipatseni ine, ndine wolimba mtima."

Lachisanu masana ndinatsegula khola kuti ndiwadyetse komaliza, misozi ili m'maso. Pomwepo Darkum anadutsa wa kumzikiti, atavala mkanjo woyera mbee, wofika kumapazi. Abakha anayang'ana kansalu kanga, anayang'ana Darkum, basi onse pamzere pambuyo pake, akulira mokondwa ngati aona mayi wawo.

"Fyaa! Chokani!" Anafulumira, iwo n'kufulumira. Anathamanga atakwinya mkanjo, iwo n'kuthamanga, msewu wonse wa anthu opita kokapemphera ukutsatira.

"Mzukwa uja wasala kudya, taonani timiyendo!" Sutinah anakuwa.

Abakha anamupitirira pageti pake n'kulunjika kuseri kwa nyumba, njira akuidziwa bwino. Kumeneko kunali beseni la nkhono zimene ankawanyengerera nazo, udzu woikirapo, ndi madengu a mazira anga. Munthuyo ankadzifunditsa nsalu yoyera usiku, abakha n'kuikira kwake mbandakucha, iye n'kuwabweza anthu asanadzuke. Anaiwala kuti bakha sasiyanitsa usiku ndi Lachisanu.

Anthu anaseka mpaka mapemphero anachedwa. Ine ndinaseka ndi nkhama zokhazokha. Palibe anapepesa, koma abakha anga anakhala, ndipo mazira a mzukwa ankatha pasiteshoni dzuwa lisanakwere.

Darkum anasamukira ku Jakarta mwezi womwewo. Amalondera sitolo ya matayala, ndipo akuti savala zoyera.