Mawu Awiri Amene Mwana Wanga Analemba

Nyumba yathu mu mzinda wa migodi wa Wałbrzych inali yoopa Mulungu. Ine ndinagwira ntchito zaka makumi atatu mu ofesi ya boma yolembera anthu osowa ntchito, ndipo mkazi wanga Halina ankaimba kwaya. Mwana wathu Leszek anakula akundimva ndikunena kuti kuseri kwa pepala lililonse la mu ofesi kuli munthu wamoyo. Ndinkadzitama kuti anamvetsa.

Migodi ya malasha itatsekedwa, amuna ambiri anakhala zaka zochuluka opanda chochita. Chaka chimene ndinapuma pa ntchito, boma linapereka anthu oterewa kwa kampani ina kuti iwapezere ntchito, ndipo linkailipira pa munthu aliyense wolembedwa ntchito. Leszek analowa kampani imeneyo. Kalata yofunsira malowo ndinamulembera ndine, ndipo dzanja limeneli ndimaliyang'anabe ndi chisoni.

Bwana wake, a Waldemar, sanachedwe kumuphunzitsa.

"Mnyamata iwe, achinyamata athanzi uziwaika pamwamba. Nkhalamba zotsokomolazi angazilembe ndani? Zikungotitsekera malo."

"Nanga ndizitani nazo, bwana?"

"Mawu awiri basi: anakana ntchito. Boma liwachotsa pa mndandanda n'kutipatsa ena."

Leszek ankadziwa, pakuti ndinamuuza ndine, kuti munthu wochotsedwa pa mndandandawo amataya chithandizo chaulere cha kuchipatala. Analembabe.

Lamlungu lina anabwera kudzadya nafe pa galimoto yatsopano, ndipo anatifotokozera nzeru ya bwana wakeyo akuseka.

"Umenewo ndi umboni wonama, mwana wanga," anatero Halina.

"Amayi, ulaliki ndamva kale kutchalitchi. Ndionjezereni mbatata."

Nditamudzudzula, anandiyang'ana m'maso. "Bambo, chilungamo chanu cha zaka makumi atatu chakupatsani chiyani? Wotchi ya pamkono ndi nyamakazi."

Posakhalitsa pa tebulo lake panafika pepala la Bronek, mnzanga wa ubwana amene ananyamula Leszek pa ubatizo. Bronek anakumba malasha zaka makumi awiri, ndipo mapapo ake anali odzaza fumbi. Leszek sanamuitane n'komwe. Analemba mawu awiri aja.

Bronek anazidziwira kuchipatala, atamuuza kuti dzina lake mulibe. Anakwera masitepe a kampaniyo akupumira m'njira, nakaima pamaso pa Leszek.

"Ntchito imene ndinakanayo ndi iti, mwana wanga? Itchule, ndikayambe mawa, ngakhale yosesa."

"Amalume, ndi kompyuta imene yachita zimenezi."

"Kompyuta sinandikodzere malaya pa ubatizo. Unandikodzera ndiwe. Fufuta bodzali."

"Sindingathe. Tulukani, pali ena akudikira."

Tsiku lomwelo Bronek anabwera kwathu. "Iwe umawadziwa malamulo," anandiuza. "Ndilembere dandaulo. Ine ndinatsika pansi pa nthaka iwe ukuotha moto mu ofesi. Sindifa ndi dzina la ulesi."

Ndinadziwa kumene dandaulolo likathere. Halina analira, nati, "Ndi mwana wako ameneyu." Ndinalilemba, ndipo amuna ena makumi anayi anasaina pansi pake.

Ofufuza a boma atafika, a Waldemar anatambasula manja. "Onani siginecha. Kodi ndi yanga?" Sinali yawo. Leszek anachotsedwa ntchito, khoti linamupeza wolakwa, galimoto inagulitsidwa. Koma mapepala a boma amayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi matenda. Bronek anatha miyezi iwiri ya chisanu akugawa pakati mankhwala amene tinamusonkhera, ndipo anamwalira mu Febuluwale. Kalata yobwezera dzina lake inafika titamuika kale. Mkazi wake anaiwerenga mokweza pamanda, kenako anatola maluwa amene Leszek anabweretsa n'kumubwezera m'manja.

Lero Leszek ali pa mndandanda womwewo wa osowa ntchito, chaka chachiwiri tsopano. Kwathu sabwera. Abale amati ndinapereka mwana wanga. Anene! Ndingalilembenso dandaulolo mawa. Chimene ndimalira nacho n'chakuti Lamlungu lija ndinakhala chete atanditchulira wotchi, m'malo mopita naye kwa ofufuza asanachotse Bronek pa mndandanda.

Achinyamata inu amene mudzakhale kuseri kwa tebulo, imvani. Bodza lolembedwa ndi cholembera limapha munthu, ndipo amene anakutumani adzakukanani. Siginecha idzakhala yanu, pamaso pa khoti ndi pamaso pa Mulungu.