Mzere wa pa Doko la Che Zakaria

Amene amati ine ndimanama atseke makutu, chifukwa izi n'zoona kuposa dzina lawo. Mtsinje wa Domasi ndimaudziwa ngati m'kamwa mwanga. Ndinausambirapo utadzaza, mbuzi ziwiri pamapewa, fodya ali pakamwa osazima. Koma lero si za ine.

Che Zakaria ankawolotsa anthu kumunsi kwa mtsinjewo, kumene minda ya mpunga imayambira. Bwato lake linkayenda ndi waya womangidwa ku mikuyu iwiri, wina tsidya lino, wina tsidya lija, iye n'kumakoka ndi manja. Manja akewo, anthuni! Ankanolera mpeni pachikhatho. Tsidya lija panali khasu lakutha lopachikidwa pamtengo, ndipo wofuna kuwoloka ankaliomba ndi mwala.

Lamulo lake linali limodzi: woyamba kufika ndiye woyamba kukwera. Zaka makumi awiri sanadumphitsepo munthu mzere. Shehe ankaima kumbuyo kwa mayi wosenza nkhuni. Mesenjala wina anayesa kukankha anthu, Che Zakaria anamuponya m'madzi, chipewa chake anakachitola ku Chilwa.

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inabwerera itauma, mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Tsiku lina chipika cha mtengo chinagunda bwato pakati pa mtsinje. Anamira anthu atatu: Che Aufi wogulitsa matemba, mayi Eluby amene anasenza mpunga, ndi a Julius osoka zovala. Sabata isanathe kunabwera kapitawo wa boma ndi kalata ndi nkhwangwa.

"Doko latsekedwa. Anthu azizungulira ku mlatho wa ku msewu wa Liwonde."

Anatema chibowo pansi pa bwato. Waya anamusiya, chimimba chake chinamukaniza kukwera mkuyu kuti akamumasule.

Patapita mwezi, madzulo ena, Che Zakaria anali atangoswali, akusenda chinangwa pakhonde. Mkazi wake Abida anali tsidya lija kwa mayi ake odwala. Anapita mozungulira ku mlatho, ulendo wa theka la tsiku, ndipo anati abwera mawa lake.

Khasu linalira.

Chitsekereni doko, khasulo linkalira madzulo aliwonse, anthu n'kumati ndi mphepo. Koma uku kunali kulira kwina. Katatu mofulumira, kenako kamodzi. Kaombedwe ka Abida.

Che Zakaria anayang'ana kuphiri. Kunali bii, mvula ikugwa kumtunda. Gombe la tsidya lija n'lotsika. Madzi akakwera limasanduka chilumba, kenako limamira. Sanaitane munthu. Anatenga chikopa cha mbuzi chimene ankaswalirapo, anachikhomerera pachibowo, anamata dongo, n'kukankhira bwato m'madzi. Bwato lotere silikanasenza anthu oposa awiri.

Anakoka. Mdima unamupeza pakati pa mtsinje.

Atagunda gombe anaona anthu anayi ataima mondondozana. Osayankhula. Osagwedezeka. Madzi akudontha m'zovala zawo, chikhalirecho kumeneko mvula inali isanagwe. Kutsogolo kunali munthu wa dengu la matemba. Kenako mayi wa thumba pamutu. Kenako wamtali, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Kumapeto kwenikweni, Abida, mwala uli m'manja.

"Che Zakaria," anatero Abida chapansipansi, "ndawapeza alipo kale."

Madzi anali atafika m'mawondo mwake.

Apa ndi pamene Che Zakaria analakwa, koyamba m'zaka makumi awiri. Analumpha, anadutsa atatu aja ngati sakuwaona, anagwira mkazi wake padzanja n'kumukokera ku bwato.

Dzanja lozizira linamugwira pakhosi.

"Zakaria," anatero Che Aufi, matope akutuluka m'kamwa, "ife tinayamba."

"Che Aufi, pepani, uyu ngwamoyo. Inu simungamirenso kawiri."

"Tinakwera bwato lako. Tinafika?"

Che Zakaria anamumenya chibakera chimene chinagwetsapo ng'ombe pa Naisi. Dzanja linalowa pachifuwa ngati m'dambo, n'kutuluka ndi ndere. Mayi Eluby anatsitsa thumba la mpunga wonyowa n'kumufwafwantha nalo pamsana, nthiti zitatu thyo! A Julius anamukulunga tepi m'khosi, kukoka mpaka lilime linatuluka. Anamugwetsa chafufumimba. Anamumiza mutu m'matope. Kumuvuula, kumumiza, kumuvuula, kumumiza. Iye analuma mwendo wa Che Aufi, mano awiri anatsalira momwemo. Pomwepo Che Aufi anamuponda mkono wamanzere pamuzu wa mkuyu. Kuthyoka kwake agalu anakumva ku Malosa.

Atatuwo sanamukhudze Abida. Anangomubwezera kumapeto kwa mzere.

"Lamulo ndi lako, si lathu," anatero mayi Eluby, akusenzanso thumba. "Fulumira, mwana wanga ndinamusiya asanadye."

Che Zakaria anadzuka akulavula magazi. Madzi anali m'chiuno mwa Abida.

"Woyamba akwere," anatero.

Che Aufi anakwera. Bwato linatsika ngati mwalowa ng'ombe khumi. Che Zakaria anakoka ndi dzanja limodzi, akafuna kusintha ankaluma waya ndi mano otsalawo. Waya anasenda chikhatho chija chonolera mipeni, chikopa n'kumatsalira m'mbuyo ngati makoko a nthochi. Atafika tsidya lino Che Aufi anatsika, anakonza dengu, n'kulowera njira ya kwawo. Osacheuka, osathokoza.

Che Zakaria anabwerera. Madzi ali m'chifuwa mwa Abida.

"Gwira muzuwo, Abida! Usausiye!"

Abida anangoimabe, mwala uli m'manja.

Mayi Eluby analemera kuposa Che Aufi. Chikopa chija chinayamba kuvuka, madzi akulowa. Che Zakaria anakapa madziwo ndi phazi, akukoka ndi dzanja ndi mano. Ulendo wachitatu a Julius anakhala kutsogolo, njira yonse akumuyeza Che Zakaria ndi tepi ija, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati oyeza nsalu ya maliro.

"Simunafike, achimwene," anatero potsika. "Mwatsala pang'ono."

Pobwerera komaliza kum'mawa kunali kutayamba kuyera. Gombe kunalibe. Khasu lokha likulendewera, madzi akulinyambita. Che Zakaria anakuwa dzina la mkazi wake mpaka mawu anathera kukhosi. Kenako anaona dzanja pamwamba pa madzi, mwala uja lidakaugwirabe. Analikoka. Abida anatuluka, maso ali tong'o, osatsokomola n'komwe. Anakwera yekha n'kukhala bwinobwino, miyendo ataiwongola.

Atangogunda gombe lino, waya anaduka, phaa! Bwato linapita, mpaka lero.

Anthu opita ku mzikiti m'bandakucha anawapeza pansi pa mkuyu. Che Zakaria ali gone, mafupa a zala ali mbee. Abida atakhala pambali pake akumukupiza ntchentche. Kuchokera pagombe panali mapazi onyowa a anthu atatu. Ena anakathera pakhomo la Che Aufi, ena kwa a Julius. A mayi Eluby analowa m'nyumba, n'kukathera pamphasa ya mwana, pambali pake pali mulu wa mpunga womera.

Khasu silinalirenso.

Che Zakaria anachira, koma dzanja linauma ngati nkhanu. Ankati sadandaula, mkazi wake anamuwolotsa. Anakhala naye zaka zambiri ndithu. Koma amayi pachitsime ankanong'onezana. Kwawo kwa Abida ankati ananyamuka masana dzuwa lili pamutu, akuti awoloka ndi miyendo pamene pali posaya. Nanga masana onsewo anali kuti? Nanga mzere uja amaimapo ndani, ngati si amene Domasi anawatenga?

Ine sinditsutsa, sindivomera. Abida ankaphika, ankaseka, kuchigayo ankaima kumbuyo kwa aliyense ngakhale atayamba kufika. Koma chaka cha chilala, nkhuku zikuyasamula ndi kutentha, ndinakhala naye mphasa imodzi pamaliro ku Domasi. Atanyamuka ndinagwira pamene anakhala, ndi dzanja ili.

Panali ponyowa.