Buku Limene Mayi Analanda

Esnath anakumana ndi Lusekelo pa siteji ya Naisi. Mnyamatayo anali atazika mphuno m'buku moti kondakitala anachita kumukodola kuti akwere.

"Mukuwerenga chiyani chofuna kukusiyitsani minibasi?" anafunsa Esnath atakhala naye mpando umodzi.

"Nthano ya sukulu yogonera komweko, yobisika m'mitambo. Ana ake amaphunzira kumanga mvula ndi kuuluka. Ndikubwerekeni?"

Buku linapita, mtima n'kutsatira. Posakhalitsa Lusekelo, kalaliki wa pakoleji ku Domasi, ankatumiza mauthenga otsekemera: "Switi wanga, matsenga enieni ndi kuseka kwako. Sindidzakusiya, ngakhale mtsinje wa Domasi uphwe!"

Tsoka ilo, mayi ake a Esnath, a Doris, mayi wa Mvano ku Mishoni, analipeza bukulo pamkeka. Pachikuto panali ana ovala zakuda akuuluka!

"Sukulu ya ufiti m'nyumba mwanga? Anthu ophunzitsa ana kutamba aja ndi amenewa! Mnyamata wakoyo umusiye lero, ndipo bukuli ndikalitentha."

Esnath analemba misozi ili chuchuchu: "Usandiimbirenso. Mayi akuti ndiwe mfiti."

"Ine, woopa ndi nalimata yemwe?" anayankha Lusekelo. "Ndidikira, wokondedwa."

Esnath sanaseke. Mtima unamupweteka zedi. Akanasankha bwanji pakati pa womubereka ndi wapamtima wake?

Kenaka mayi anayamba zachilendo. Ndiwo zinkapserera, iwo atadzitsekera kuchipinda masanasana, n'kutuluka maso ali psuu. Loweruka lina anangoti, "Muitane mnyamata uja."

Lusekelo anabwera atavala tayi, akusuzumira uku ndi uku. Kodi amuitanira abusa?

Mayi anatulutsa bukulo m'chikwama. Linali losapsa, makona ake atapindika.

"Ndinati ndione kaye chimene ndikutentha," anatero. "Ufiti sindinaupezemo, ndapezamo ana osowa makolo awo. Komabe bambo, mwandilakwira."

"Pepani mayi, ine..."

"Kamtsikana ka m'bukumu akachotsa sukulu kopanda mlandu, buku n'kuthera pomwepo? Ndiye ine ndigone bwanji? Buku lachiwiri lili kuti?"

"Lili kunyumba, mayi."

Esnath anagwira pachifuwa, mtima uli myaa, kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Mubwere nalo mawa tikaweruka kutchalitchi," anatero mayi, akupewa maso a mwana wawo. "Amalume anunso abwere, tidziwane. Koma buku lija litsogole!"